Mutu umodzi susenza denga la kumwamba

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno kwa Nkomeshya, nkhani imakhala imodzi, ya dzuwa. Mtsinje wa Chongwe umatsala maiwe, ng'ombe zimaunjikana pansi pa mikuyu, amayi amalawirira kumjigo kusanache kuti dzuwa lisawapeze panjira. Ndi nyengo yomweyo pamene Asoli amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II n'kupempha mvula m'malo mwa anthu ake ndi kutsegulira nyengo yodzala. Masiku amenewa, kaya ndi pamaliro, pamsika kapena m'minibasi yopita ku Lusaka, sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Kutenthaku ndi ozoni, inabooka." Enawo amangovomereza ndi mutu. Mvula ikachedwa akuti ndi ozoni, chimanga chikafota akutinso ndi ozoni.

Ana anga, nkhaniyi si yotero. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Ozoni ilipodi, ndipo n'zoona kuti anthu anaiwononga, koma si imene inaumitsa minda yathu m'chaka cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi a chimanga atapserera. Chilala chimenecho chinabwera ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumasokoneza mvula yathu, ndipo chinagwera dziko lomwe likutentheratenthera kale chifukwa cha utsi wa mafuta, wa malasha a m'migodi ndi kutha kwa nkhalango. Matumba a makala amene amadutsa pa Great East Road usiku ndi usana ali m'nkhani imeneyo. Nkhalango ya Lusaka East ija timaitcha Forest 27, kumene kuli gwero la mtsinje wa Chalimbana, imene mafumu a Chisoli akhala akuimenyera nkhondo, ilinso m'nkhani imeneyo. Ya ozoni ndi ina. Ndikufuna tiimve bwino payokha, chifukwa ili ndi gawo limene lili m'manja mwathu, ndipo gawolo sitikuligwira.

Mpweya wa okosijeni umene timapuma uli ndi maatomu awiriawiri. Kumwamba kwambiri, kuyambira makilomita 15 mpaka 35, cheza cha dzuwa chimaswa okosijeni ameneyu, maatomu n'kugwirana atatuatatu. Imeneyo ndiyo ozoni. Ndege zonyamuka pa bwalo la Kenneth Kaunda, lomwe lili m'boma lathu lomweli, zimauluka pansi pake. Kuchepa kwake n'kodabwitsa: mutaisonkhanitsa yonse n'kuitsitsira pansi pano, kuchindikala kwake kungakhale mamilimita 3 okha. Koma kanthu kochepako ndiko denga la zamoyo zonse. Dzuwa limatumiza kuwala kumene timaona, kutentha kumene timamva, ndi cheza china chosaoneka chotchedwa UV. Cheza chimenechi simuchimva pamene chikulowa. Chimawononga khungu m'kati mwake n'kuyambitsa khansa, chimabweretsa ng'ala m'maso, chimafooketsa mbewu zina, ndipo chimapha tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi timene nsomba zimadya. Ozoni imatchinga chochuluka cha cheza choopsacho. Kutentha siitchinga. N'chifukwa chake kunena kuti thukuta la mu Okutobala labwera ndi ozoni n'kuloza chala kolakwika.

Chimene chinaboola dengali chinabwera ngati mdalitso. Mafiriji oyamba ankagwiritsa ntchito mipweya yapoizoni monga amoniya, ndipo ikadontha m'nyumba anthu ankafa. Mu 1928 katswiri wina wa ku America, Thomas Midgley, ndi anzake anapeza gasi wa mtundu wa CFC, amene sayaka moto komanso sapha munthu. Mu 1930 Midgley anaimirira pamaso pa akatswiri anzake, n'kukoka gasiyo m'mapapo, n'kuuzira kandulo mpaka kuzima, kuti onse aone kuti alibe vuto. Dziko linamulandira ndi manja awiri. Analowa m'mafiriji, m'makina oziziritsa nyumba ndi magalimoto, m'zitini zopopera mankhwala ndi perefyumu, ndi m'thovu louma lija limakhala m'zipupa za firiji. Tsoka silinunkha. Chimene anamukondera, kuti savunda ndipo sasakanikirana ndi kanthu, ndicho chinali choopsa chake. Gasi wotere akatuluka, mvula siimutsuka, nthaka siimumeza. Amayendayenda m'mlengalenga zaka zambiri mpaka atakwera kumene kuli ozoni. Kumeneko cheza cha dzuwa chimamuswa, atomu ya klorini n'kumasuka. Klorini ameneyu amaphwanya ozoni n'kutuluka ali bwinobwino, n'kukaphwanya ina, n'kutulukanso. Atomu imodzi imatha kuwononga tizidutswa ta ozoni tokwana 100,000 isanachoke m'mlengalenga.

Amene anachenjeza dziko anali Mario Molina wa ku Mexico ndi Sherwood Rowland wa ku America, mu 1974. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma makampani opanga gasiyu sanaone choncho. Anatsutsa kuti zimenezi n'zongoganizira, popeza palibe amene anali ataona bowo ndi maso. Mawu a akulu akoma akagonera. Mu 1985 akatswiri atatu a British Antarctic Survey, Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin, anaulula zimene makina awo ankayeza pa siteshoni ya Halley ku Antarctica: chaka chilichonse, nthawi ya Sepitembala ndi Okutobala, ozoni ya pamwamba pa dziko lozizira lija inkatsika koopsa. Susan Solomon, amene anatsogolera ulendo wa kafukufuku kumeneko mu 1986, anathandiza kufotokoza chifukwa chake bowolo lili kumeneko osati kwina. M'miyezi ya mdima kumazizira mpaka kumwambako kumapangika mitambo ya madzi oundana, ndipo pa mitambo imeneyo klorini amakonzeka kudikira dzuwa. Dzuwa likangotulukanso, kuphwanya kumayamba. M'zaka zoipitsitsa, monga 2000 ndi 2006, bowolo linakula pafupifupi ngati Africa yense. Molina, Rowland ndi Paul Crutzen wa ku Netherlands analandira mphotho ya Nobel mu 1995.

Apa ndi pamene mtima wanga umakhazikika ndikamaganiza za nkhaniyi. Maiko amene amakangana pa chilichonse anakhala pansi. Mu 1985 anagwirizana ku Vienna kuti vutoli ndi la onse, ndipo pa 16 Sepitembala 1987 anasainirana pangano la Montreal, loika zaka zoti gasi aliyense woopsa asiyidwe. Mutu umodzi susenza denga. Anazindikiranso kuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi koma miyendo si yofanana: maiko olemera, amene anatulutsa gasi wambiri, anayamba ndiwo kusiya, maiko osauka anapatsidwa zaka zina khumi, ndipo kunakhazikitsidwa thumba la ndalama lothandiza maiko ngati lathu kusintha makina ndi kuphunzitsa amisiri. Zambia inalowa m'panganoli mu Januwale 1990, nthawi ya Kenneth Kaunda. Pofika 2009 dziko lililonse la pansi pano linali litalowa. Lero pafupifupi 99 peresenti ya mankhwala owononga ozoni aja inasiyidwa. Lipoti la akatswiri a United Nations lomwe linatuluka mu Januwale 2023 linati ozoni idzabwerera mmene inalili mu 1980 cha m'ma 2040 m'madera ambiri a dziko, mu 2045 kumpoto ku Arctic, ndipo cha m'ma 2066 ku Antarctica.

Tawerengani zaka zimenezo, adzukulu anga. Amati nkhuyu zodya ana zinapota akulu, koma pano zatembenuka. Anadya ndi akulu a m'ma 1960 ndi 1970, ambiri mwa iwo a kutsidya kwa nyanja, ndipo m'mimba mudzapweteka ana amene sanabadwe. Gasi wa CFC wotchedwa R12, amene anali m'mafiriji ambiri akale, amakhala m'mlengalenga zaka pafupifupi 100. Amene wina angamutulutse lero pa msika wa Chongwe adzakhala akadali kumwamba pamene ife tonse owerenga pano tidzakhala titaiwalika.

Ena amati zimenezi n'za azungu, ife tinalibe mafakitale. Zoona, tinalibe, koma si kuti tinali kunja kwa nkhani. Amene analimapo fodya akukumbukira mankhwala a methyl bromide. Ankakonza bedi la nazale, n'kuliphimba ndi pepala la pulasitiki, n'kukwirira m'mbali ndi dothi, kenako n'kuboola kachitini pansi pa pepalalo. Mpweya wake unkapha chilichonse m'nthaka: njere za udzu, tizilombo tootcha mizu, nkhungu. Pepala likachotsedwa, wotsalawo unkakwera kumwamba, ndipo bromini amene ali m'mankhwalawo ndi waukali pa ozoni kuposa klorini. Kuno ku Zambia ankawagwiritsanso ntchito m'minda ya maluwa ogulitsa kunja ndi pofukiza mbewu m'nkhokwe zazikulu. Anzathu a ku Malawi, amene chuma chawo chimatsamira pa fodya, anasiya mankhwalawa m'nazale pofika kumapeto kwa 2004, zaka khumi lisanafike tsiku limene pangano linaikira maiko osauka, lomwe linali 2015. Alimi anaphunzira njira zina, monga kufesa m'mathireyi oyandama pamadzi. Fodya sanathe. Ndimatchula zimenezi kuti wina asamanene kuti mlimi wa kuno sangasinthe.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa. Magetsi afalikira m'midzi yambiri kuyambira ku Chalimbana mpaka ku Kanakantapa, ndipo kumene mawaya sanafike kwafika masola. Kantemba kalikonse kakufuna firiji ya zakumwa. Mayi wogulitsa nkhuku zokonzakonza akufuna firiza, wabutchala naye, woweta ng'ombe zamkaka naye, chipatala chaching'ono chikusunga katemera mozizira. Zimenezi n'zabwino, ndipo palibe wanzeru amene angauze mayi kuti nsomba zake ziziola kuti ateteze mlengalenga. Koma ambiri timagula mafiriji ogwiritsidwa kale ntchito, ena akale kuposa ana athu, ndipo akawonongeka timaitana mnyamata wa pafupi amene anaphunzira ntchito poonerera.

Ndaonapo mmene ntchitoyo imagwiridwira. Firiji amaitulutsa pakhonde, n'kuitembenuza kuti kumbuyo kuyang'ane kunja. Mnyamata amagogoda kompuresa ndi sipanala, n'kumvetsera, n'kunena mawu amene tonse tinawazolowera: "Gasi watha, tingothira wina." Amatenga pulayala, n'kudula kapaipi ka kopa. Pamamveka kaphokoso kosisima kwa kanthawi, kautsi koyera kosakanikirana ndi mafuta n'kufumuka, ana n'kuseka n'kuthawa. Akatero amalumikiza kachitini ka gasi amene wagula m'tauni, osayang'ana n'komwe kuti firijiyo imafuna gasi wanji, n'kuthira moyerekeza mpaka paipi itachita chisanu. Mwini wake amalipira mokondwa. Pakapita miyezi ingapo firiji yasiyanso kuzizira, mnyamata yemweyo wabweranso, ndalama zatulukanso.

Ana anga amisiri, sindikukunyozani. Ntchito yanu ndi yolemekezeka ndipo mukudyetsa mabanja. Koma safunsa anadya phula. Firiji siidya gasi ngati mmene galimoto imadyera petulo. Gasi amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kutenga kutentha m'kati n'kukakutaya kumbuyo, ndipo firiji yabwino imatha zaka makumi ndi gasi yemweyo. Ngati wachepa, pali pamene pakudontha. Kuthira wina musanapeze podonthapo n'kumubera kasitomala ndi kuipitsa mlengalenga nthawi imodzi. Kupeza podontha sikufuna chuma: madzi a sopo opakidwa pa malumikizidwe amatulutsa thovu pamalo obooka, ndipo pamene pali dontho la mafuta pa paipi m'pamene muyenera kuyamba kukayikira. Mukawotcherera pobookapo, mpweya ndi chinyezi zimene zalowa m'mapaipi ziyenera kukokedwa ndi pampu yake musanathire gasi, apo ayi kapaipi kakang'ono kaja kamatsekeka ndipo kompuresa imapsa. Ndipo gasi wakale sayenera kutayidwa m'mwamba. Pali makina omukokera m'silinda kuti asungidwe, ayeretsedwe kapena akawonongedwe moyenera. Makinawo ndi odula kwa munthu mmodzi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: amisiri asanu a pa Chongwe atasonkherana angagule amodzi n'kumabwerekana.

Kumbuyo kwa firiji iliyonse, kapena pa kompuresa penipenipo, pali kachikwangwani kolembedwa dzina la gasi. Aliyense wogula firiji aphunzire kukawerenga, ngakhale gogo wosadziwa Chingerezi angathe kuzindikira manambala. Mukaona R12, dziwani kuti ameneyo ndi CFC weniweni, amene maiko ngati Zambia anayenera kusiyiratu kuitanitsa pofika 2010. Firiji yotero ndi nkhalamba, imadya magetsi ambiri, ndipo gasi wake wovomerezeka sapezekanso. Musaigule ngakhale itatsika mtengo bwanji. Mukaona R22, amene amapezeka kwambiri m'makina oziziritsa maofesi ndi m'zipinda zozizira za mabutchala, ameneyo ndi HCFC: amawononga ozoni pang'ono poyerekeza ndi R12, koma amawonongabe, ndipo pangano likuti athe pofika 2030, kungotsala wochepa wokonzera makina akale. Amene akumanga chipinda chozizira lero n'kuikamo makina a R22 akudziikira msampha, chifukwa gasiyo azisowa ndi kukwera mtengo chaka ndi chaka. Mukaona R134a, ameneyo sakhudza ozoni, koma amatenthetsa dziko: kilogalamu imodzi ikufanana ndi makilogalamu oposa 1,400 a mpweya wa kaboni. N'chifukwa chake maiko anakumananso ku Kigali, ku Rwanda, mu Okutobala 2016, n'kugwirizana kuti magasi a mtundu umenewu nawonso achepetsedwe. Apa ndi pamene nkhani ya ozoni imakumana ndi ya kutentha kwa dziko, ndipo n'zoona kuti ma CFC aja nawonso ankatenthetsa dziko, kotero kuwasiya kunathandiza mbali zonse ziwiri.

Mafiriji ambiri atsopano a m'nyumba ali ndi R600a. Ameneyu sawononga ozoni, ndipo kutenthetsa kwake n'kochepa kwambiri. Koma amayaka moto, ndi m'bale wake wa gasi wophikira, ndipo pa kompuresa pamakhala chizindikiro cha lawi. Mmisiri amene anazolowera R12 ndi R134a, n'kuyatsa moto wowotcherera pa paipi imene mudakali R600a, m'chipinda chotseka mawindo, akuika moyo wake ndi wa eni nyumba pachiswe. Komanso magasiwa sasakanizidwa, chifukwa aliyense ali ndi mafuta a kompuresa oyenderana naye ndi muyeso wake. Tsobola wakale sawawa: luso la dzana silikwanira pa makina a lero. Mnyamata amene ali ndi dzanja la ntchitoyi, makolo ake amuthandize apite kusukulu ya zaumisiri akapeze pepala, ndipo amene ali kale pantchito asachite manyazi kukafunsa maphunziro obwereza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Palinso amene amagula zitsulo zakale. Firiji ikafa, amaiphwanya ndi nkhwangwa kuti atenge kompuresa ndi kopa, gasi yense n'kuthawira kumwamba, kenako thovu louma la m'zipupa amalitaya kudzala kapena kuliotcha. M'mafiriji akale thovu limenelo linafufumitsidwa ndi CFC-11, ndipo gasiyo akadali motsekeka m'timabowo take. Kuliphwanya kapena kuliotcha pamoto wa kudzala n'kumumasula, osanena za utsi wapoizoni umene ana oimirira pafupi amapuma. Firiji yakufa imene mwaisandutsa kabati yosungiramo ufa kapena mbewu ili bwino kuposa yophwanyidwa, malinga mutachotsa loko wa chitseko kuti mwana asadzitsekeremo posewera.

Lamulo lilipo. Bungwe la ZEMA, limene linalowa m'malo mwa Environmental Council of Zambia pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2011, ndilo limayang'anira magasi amenewa, ndipo woitanitsa kunja ayenera kukhala ndi chilolezo chake. Koma lamulo lokhala mu ofesi ku Lusaka silingaone chitini chilichonse cholowa pa Chirundu, pa Nakonde kapena pa Mwami. Zitini zachinyengo zilipo padziko, zolembedwa dzina lina kunja m'kati muli china. Chitetezo chotsiriza ndi mmisiri amene amakana gasi wotchipa wosadziwika kumene wachokera, ndi kasitomala amene amafunsa. Ndipo tisaganize kuti pangano likasainidwa basi zatha. Mu 2018 akatswiri oyeza mpweya anaona kuti CFC-11 sakutsika mmene ankayenera kutsikira. Atafufuza anapeza kuti wambiri ankachokera kum'mawa kwa China, kumene mafakitale ena ankamugwiritsa ntchito mobisa popanga thovu lija. Nkhani itaululika boma la China linakhwimitsa dzanja, ndipo pofika 2019 gasiyo anayambanso kutsika mmene ankayenera. Madzi saiwala khwawa. Kumene kuli phindu lamsanga, chinthu choletsedwa chimabwerera ngati palibe woyang'anira.

Alimi anzanga, nanu muli ndi kagawo kanu, ngakhale sindikufuna kukusenzetsani mlandu wa maiko amene amathira fetereza mowirikiza kuposa ife. Mpweya umene tsopano ukutsogola pa yowononga ozoni imene anthu akutulutsabe ndi nitrous oxide, ndipo wambiri umachokera m'nthaka yothiridwa fetereza wa nayitirojeni mopitirira zimene mbewu ingadye. Pangano la Montreal silinaukhudze. Yuriya womwazidwa pamwamba, kapena wothiridwa m'munda modikha madzi, amathawa, ndipo chothawacho ndi ndalama zanu. Kumukwirira pafupi ndi phando, pa nthawi yake ndi pa muyeso wake, n'kwabwino ku thumba lanu poyamba. Ndipo tili ndi mwayi kuti m'boma lathu lomweli muli Kasisi Agricultural Training Centre, imene Ajezwiti anaiyambitsa mu 1974, kumene kwa zaka zambiri akhala akuphunzitsa za kompositi, kasinthasintha wa chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, ndi mitengo yobwezera chonde. Amene ali ndi msangu m'munda mwake amadziwa mmene chimanga cha pansi pake chimaonekera.

Nanga dzuwa lenilenilo? Bowo lili kutali ku Antarctica, koma zimenezo zisatipusitse. Ife tili pafupi ndi pakati pa dziko, kumene ozoni imakhala yopyapyala mwachilengedwe, ndipo dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, cha kumayambiriro kwa Novembala ndi mu Febuluwale. Tilinso pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero mpweya wotitchinga ndi wochepa. Cheza cha UV kuno n'champhamvu ngakhale ozoni itachira yonse, ndipo mitambo yopyapyala siichitchinga. Khungu lakuda limatiteteza kwambiri, tiyamike Mulungu, koma maso alibe chitetezo chotero. Agogo ambiri amene akuyenda ndi ndodo chifukwa cha ng'ala anakhala moyo wawo wonse m'munda opanda chipewa. Ukalamba ndiwo umabweretsa ng'ala kwambiri, koma dzuwa limafulumizitsa. Chipewa cha mlaza chakhonde lalikulu sichidula, ndipo makolo athu sanali aulesi pamene ankalawirira kumunda n'kuweruka dzuwa lisanafike pamutu. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, munthu n'kuonanso, choncho musasunge gogo m'nyumba n'kumati ndi ukalamba chabe. Atsikana anga odzola mafuta oyeretsa khungu, dziwani kuti chimene mukuchotsacho ndicho chishango chimene munabadwa nacho.

Koma amene dzuwa limawazunza kuposa tonse ndi abale athu achialubino. Kalembera wa 2010 anapeza anthu oposa 25,000 achialubino m'Zambia. Khungu lawo lilibe mtundu uja umatchinga cheza, kotero mwana wosiyidwa padzuwa amapsa tsiku lomwelo. Taonani mwana wotere wa zaka khumi amene wakhala akuweta mbuzi: milomo yosweka, khosi ndi makutu zofiira, pa mikono ndi pankhope timawanga tokhakhala. Timawanga timeneto tikasiyidwa timatha kusanduka zilonda zosapola, ndipo chilonda chosapola pa munthu wachialubino chikhoza kukhala khansa. Timalankhula kwambiri, ndipo n'koyenera, za anthu oipa mtima amene amawasaka chifukwa cha zikhulupiriro zabodza, koma khansa ya pakhungu imapha ambiri mwakachetechete, ena asanafike zaka makumi anayi. Woimba John Chiti ndi bungwe lake la Albinism Foundation of Zambia akhala akufuula za zimenezi kwa zaka zambiri.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Aphunzitsi, lolani mwana wachialubino avale chipewa ndi malaya a manja aatali ngakhale yunifolomu ikunena zina, musamuimike padzuwa pa asembule, ndipo mumukhazike kutsogolo chifukwa maso ake saona patali. Makolo, ntchito za masana, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, zipatseni ana ena, uyu agwire za m'mawa, za madzulo ndi za pamthunzi. Funsani kuchipatala mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndipo akapanda kupezeka funsaninso, muuzenso khansala wanu, chifukwa kwa mwana ameneyu mafutawo ndi mankhwala, si zodzikongoletsera. Chilonda chikatha milungu ingapo osapola, musataye nthawi ndi zitsamba. Lusaka ili pa makilomita pafupifupi 45 okha kuchokera pa Chongwe, ndipo Cancer Diseases Hospital ili komweko. Khansa ya pakhungu ikapezeka msanga imadulidwa, munthu n'kuchira.

Kwa inu mafumu a m'midzi ndi nduna za kwa Nkomeshya, akulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mawu anu amafika kumene kalata ya boma siifika. Mudziwe mabanja a m'mudzi mwanu amene muli ana achialubino, ndipo muziwafunsa ngati ali ndi zipewa ndi mafuta. Mudziwenso anyamata amene amakonza mafiriji ndi amene amagula zitsulo. Tsiku la 16 Sepitembala, limene United Nations inalipatula mu 1994 kukhala lokumbukira ozoni, limafika patangotsala milungu yochepa kuti tikumane ku Chakwela Makumbi. Khonsolo ya Chongwe ingathe kuitana a ZEMA nthawi imeneyo kuti abwere pamsika ndi makina okokera gasi, aonetse amisiri athu mmene amagwirira ntchito, alembe maina a ofuna maphunziro, ndiponso atiuze poyera kumene firiji yakufa ya R12 iyenera kuperekedwa.